Momwe mungakhalire modalira chisomo cha Mulungu tsiku ndi tsiku

"Mwadzuka bwanji?" "Tadzuka, ndi chisomo." Mawu amenewa amamveka paliponse, pa mjigo, m'minibasi, ngakhale pa WhatsApp. Koma ambirife timangowatchula pakamwa, mumtima tikuwerengera kuti Mulungu ali nafe ngongole poti tapereka chakhumi, tasala kudya, kutchalitchi sitijomba. Pa Aefeso 2:8-9 Paulo akunena poyera kuti chipulumutso ndi mphatso, sichichokera ku ntchito zathu, kuti wina asadzitame. Nanga mphatsoyi tiilandira bwanji Lolemba m'mawa, ufa uli pansi pa thumba?

Choyamba, mukadzuka tolani za lero lokha. Werengani Eksodo 16 mofatsa. Aisraele anadya mana zaka 40 m'chipululu, koma aliyense ankatola muyeso umodzi wotchedwa omeri, wa tsikulo basi. Amene anabisako kuti adye mawa anapeza atagwa mphutsi, akununkha. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi limene ankatola kawiri, pokonzekera Sabata. N'chifukwa chake m'pemphero la Ambuye timapempha chakudya chathu chalero. Musanagwire foni, khalani pamphasa kapena m'mphepete mwa bedi mphindi zisanu, mutchule zimene zikukudikirani: fizi ya mwana, bwana wovuta, mayi amene ali m'chipatala. Zitchuleni ndi mayina ake. Za mwezi wa mawa zisiyeni kaye. Mayi anga ankachita zimenezi akukoleza moto kusanache, m'Januwale nkhokwe ili pululu. Ndinkawamva akunong'ona, "Ambuye, ana awa adye lero," kenako n'kutenga khasu.

Khasulo musaliiwale, ndilo gawo lachiwiri. Kudalira chisomo sikupinda manja. Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 15:10 akuti anagwira ntchito koposa anzake onse, komabe chimene chinkagwira mwa iye ndi chisomo cha Mulungu. Palirani munda, tsegulani okala yanu, werengerani mayeso. Kusiyana kwake n'kwakuti zikayenda simudzigunda pachifuwa, zikakanika simudziyesa wotayidwa.

Chachitatu, mukalakwa bwererani msanga. Apa ndi pamene ambiri timagwa kawiri. Munthu wapsa mtima, walalatira mkazi wake, ndiye amakhala sabata yathunthu osapemphera, akuti adikire ayere kaye. Ndani amadikira kuchira kuti apite kwa dokotala? Pa Luka 18, m'fanizo la Mfarisi ndi wamsonkho amene anapita kukapemphera, wamsonkhoyo anaima patali, osayang'ana n'kumwamba komwe, nangopempha chifundo, ndipo ndi iye amene anapita kwawo wolungamitsidwa, Mfarisi wowerenga zabwino zake uja ayi. Ululani tchimolo tsiku lomwelo, ndipo amene mwamulakwira mum'pepese dzuwa lisanalowe. Komatu chisomo chisakhale chobisaliramo. Aroma 6 ikufunsa ngati tizichimwabe kuti chisomo chichuluke, yankho lake n'lakuti ayi ndithu.

Chachinayi n'chovuta, ndipo ine chinanditengera nthawi. Chimene mwalandira chipatsireni ena. Mnansi wanga anabwereka ndowa ziwiri za chimanga nthawi ya njala, ati abweza akakolola. Anakolola, osabweza. Tikakumana panjira ndinkayang'ana kumbali, moni wake ndinkayankha ndi mphuno. Tsiku lina pa mapemphero a m'mudzi tinawerenga Mateyu 18, nkhani ya kapolo amene anakhululukidwa matalente 10,000, iye n'kukagwira pakhosi mnzake chifukwa cha madinari 100. Dinari inali malipiro a waganyu a tsiku limodzi, pomwe matalente aja munthu sakanabweza ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse. Ndinadziona ndekha m'nkhaniyo. Madzulo ake ndinakagogoda pakhomo pake n'kumuuza kuti za chimanga zija zatha. Nanunso fufuzani, alipo amene mwamugwira pakhosi.

Ndinenepo pang'ono za amene amagulitsa chisomo m'mabotolo a madzi ndi mafuta, n'kumati mukafesa ndalama zambiri kumwamba kutseguka. Musapusitsidwe. Simoni wamatsenga anayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama pa Machitidwe 8, ndipo Petro anam'dzudzula kolimba.

Nanga pemphero likakhala ngati silikuyankhidwa? Paulo anapempha katatu kuti munga um'choke m'thupi, sunachoke. Anauzidwa kuti chisomo chim'kwanira, pakuti mphamvu ya Ambuye imaonekera bwino m'kufooka (2 Akorinto 12:9). Nthawi zotere musadzitsekere m'nyumba. Mutu umodzi susenza denga. Pitani kumphakati, kumvano kapena kwa mkulu wa mpingo amene mumam'khulupirira, mukanene zoona kuti mwatopa, akupempherereni.

Usiku musanagone, tchulani zinthu zitatu zimene mwalandira lero osazigwirira ntchito. Mwina ndi mnzanu amene anakulipirirani minibasi, mwina mwana watsika kutentha thupi, mwina mvula yagwa pa nthawi yake. Zilembeni kumapeto kwa kope, mulembenso deti, muthokoze, muzimitse nyali.