Kuthana ndi Ndere mu Thanki ya Nsomba za M'madzi a Mchere

Ndere imakula ndi zinthu zitatu: kuwala, nitrate ndi phosphate (zakudya ziwiri za ndere zomwe zimasungunuka m'madzi). Mukaipala pagalasi chakudya chake chikadali m'madzi, sabata siitha isanabwerenso. Yambani ndi kuyeza madzi. Nitrate ikhale pakati pa 2 ndi 10 ppm (magawo pa miliyoni), phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Koma thanki ikadzaza ndere, choyezera chimatha kuonetsa ziro chifukwa ndereyo ikumeza zonse, ndiye musanyengeke.

Zakudyazi zimalowa ndi madzi apampopi komanso chakudya cha nsomba. Posungunula mchere, ngakhale powonjezera madzi amene aphwera, gwiritsani ntchito madzi a RO/DI okha (osefedwa ndi makina ochotsa zosungunuka m'madzi), mita ya TDS, yoyeza zosungunukazo, iziwerenga 0. Ikayamba kukwera, resin, timikanda tosefera ta m'makinawo, yatha mphamvu, isintheni. Nsomba muzizipatsa zomwe zingamalize m'mphindi ziwiri. Sabata iliyonse chotsani malita 10 pa malita 100 alionse, mukukoka ndi paipi nyansi zobisala pamchenga, n'kuthiramo madzi a mchere atsopano, ndipo kathumba kosefera muzikachapa pakatha masiku atatu. Magetsi asayake kupitirira maola 8 patsiku, dzuwa lisaombe pagalasi.

Kenako onetsetsani mtundu wa ndere, poti si yonse imagonja mofanana. Yofiirira ngati fumbi m'thanki yatsopano ndi diatoms. Imadya silicate, chinthu china chosungunuka m'madzi, ndipo imatha yokha pakapita masabata angapo, isakudetseni nkhawa. Yobiriwira yaulusi izuleni ndi manja, yotsala pamiyala muikweche ndi mswachi paipi ili pomwepo kuti zidutswa zisamwazike n'kukamera kwina. Nkhono za Trochus ndi Turbo zimadya yaifupi yokha, yaitali zimaisiya. Yofiira yoterera kwenikweni ndi mabakiteriya, cyanobacteria, ndipo imakonda pamene madzi sayenda. Lozetsani pampu pamenepo, yofiirayo ikokeni ndi paipi, ikakanika zimitsani magetsi masiku atatu.

Phosphate ikakhalabe pamwamba, ikani GFO, timiyala tachitsulo tomwe timamwa phosphate, koma yambani ndi theka la muyezo wolembedwa pabotolo. Phosphate ikatsika mwadzidzidzi makorali (tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati zomera kapena miyala) amayera, ndipo nitrate ndi phosphate zikafikadi pa ziro mumaitana dinoflagellates, zamamina zofiirira zokhala ndi tithovu, zomwe zina zimapha nkhono. Izi n'zovuta kuposa ndere munayamba nayo ija. Miyala yakale imatulutsa phosphate yomwe inamwa kale, choncho yembekezerani mwezi kapena iwiri musanasinthe njira.