Mmene mungapewere mpweya wapoizoni poyesa za kemisitiri pakhomo

Munthu wofuna kuyesa za kemisitiri pakhomo ayambe ndi kusankha zimene sadzazikhudza, ndipo choyamba pa zimenezo chikhale chilichonse chotulutsa mpweya wapoizoni. Asidi akatayikira pansi amaoneka ndipo amapukutika, koma mpweya ukatuluka m'botolo subwereramonso, umafalikira chipinda chonse, ndipo palibe amene angaleke kupuma podikira kuti uchoke.

Musadalire mphuno yanu. Hydrogen sulfide akakhala wochepa amanunkha ngati mazira ovunda, koma akafika pafupifupi magawo 100 pa magawo miliyoni a mpweya umene tikupuma amafooketsa mphamvu yonunkhizira, moti munthu amayesa kuti mpweyawo watha pamene ukuchulukirachulukira. Carbon monoxide alibe fungo n'komwe, ndipo amakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Wachinyengo kwambiri ndi nitrogen dioxide, mpweya wofiirira, chifukwa woupuma amangotsokomola pang'ono n'kupeza bwino, kenaka patapita maola angapo, mwina ali mtulo, mapapo ake amayamba kudzaza madzi.

Ngozi zotere sizigwera okonda sayansi okha, zimagweranso oyeretsa m'nyumba. Musasakanize jiki ndi mankhwala ena alionse otsukira: ndi viniga kapena mankhwala a asidi otsukira chimbudzi amatulutsa mpweya wapoizoni wa chlorine, ndipo ndi ammonia amatulutsa mpweya wina wapoizoni wa chloramine. Chlorine ndi yemwe asilikali a Germany anamugwiritsa ntchito ngati chida ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu 1915. Chlorineyu amalemera kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi mpweya umene timapuma, choncho amakhazikika pansi, pamene pali ana okwawa ndi ziweto, komanso pamene pali nkhope ya munthu wowerama akukwecha bafa.

Ena amaganiza kuti kutsegula zenera ndi kuvala masiki n'kokwanira, koma sizili choncho. M'labotale ntchito zotere zimachitikira m'kabati yotsekedwa ndi galasi, imene imakoka mpweya pa liwiro la pafupifupi theka la mita pa sekondi n'kukautaya pamwamba pa denga, pomwe fani ya pakhomo imangoukankhira m'chipinda china kapena kwa anansi. Masiki ansalu ndi a fumbi amagwira tizidutswa, osati mpweya, ndipo ngakhale masiki enieni a gasi amafuna sefa yogwirizana ndi mtundu wa mpweyawo, yomwenso imatha mphamvu mosachenjeza. Ngakhale akatswiri anatayapo moyo: Henri Moissan asanakwanitse kupatula mpweya wapoizoni wa fluorine mu 1886, Paulin Louyet ndi Jérôme Nicklès anali atafa kale poyesa ntchito yomweyo. Wofuna kuphunzira ali ndi zambiri zoyesa zopanda chiopsezo, monga kukulitsa timiyala ta mchere kapena kuyeza asidi ndi madzi a kabichi wofiira, ndipo kunena zoona zimenezi zimaphunzitsa kuyeza ndi kuleza mtima kuposa utsi uliwonse.

Mukangomva kuwawa m'maso, kuyabwa pakhosi kapena kubanika, siyani zonse mutuluke nthawi yomweyo pamodzi ndi onse a m'nyumba, mupite pamalo okwera kumbali kumene kukuchokera mphepo. Musabwerere kukapukuta, ndipo musathire mankhwala ena poganiza kuti athetsa oyambawo. Vulani zovala zimene zamwa mpweyawo, tsukani maso ndi khungu ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, ndipo pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino, mukauze adokotala maina a mankhwala onse amene anasakanizika ndi nthawi imene zinachitikira. Ngati wina wakomoka m'chipinda chotsekeka, m'thanki kapena m'dzenje, musalowemo kukamutenga mulibe chipangizo chopumira, pakuti mpweya umene wamugwetsa ugwetsanso inu musanafike pa iye. Itanani ozimitsa moto kapena ambulansi, ndipo muwauze kuti vuto ndi mpweya kuti abwere ndi zida zoyenera.