Kasinthidwe ka Saladi ndi Ndiwo Pamene Mukuchepetsa Thupi

Munthu akatsimikiza mtima kuti achepetse thupi, sabata yoyamba amakhala ndi khama lalikulu: amagula kabichi, karoti ndi matimati, n'kumadya saladi yomweyo masana ndi madzulo. Pofika sabata yachitatu chakudyacho chimakhala chitamukola, ndipo fungo la chipisi cha pachiwaya limayamba kumukoka pochokera kuntchito. Ndaona anthu ambiri akugwa mphwayi pamenepa, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa muno mu Lilongwe tili ndi zamasamba zamitundumitundu zoti munthu angathe mwezi wathunthu osabwereza mbale imodzi kawiri.

Poyambira pabwino ndi pamsika. Mukapita ku msika wa Lizulu, kwa Wakawaka kapena ku msika wa m'dera lanu, musapite mutalemberatu kuti mukagula kabichi basi. Yendani kaye, muone chimene chachuluka tsikulo, chifukwa chimene chachuluka ndicho chili pa nyengo yake, chotsika mtengo ndiponso chokoma. M'dzinja mumapeza nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, khwanya, therere ndi minkhaka, ndipo mapeyala amayamba kudzaza m'mabenchi. M'nyengo yozizira kumabwera manachesi a ku Mwanza, pamodzi ndi mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi wa m'madimba, ndipo malimwe akamatha mango amafika. Wotsatira nyengo motere safunika kuvutika kuganiza zosintha, pakuti msika umamusinthira wokha. Ndi bwino kudziikira lamulo lakuti ulendo uliwonse wa kumsika mugule chinthu chimodzi chimene simunadye sabata yathayo.

Pokonza saladi, iganizireni ngati mbale yokhala ndi zigawo zimene mungasinthe chimodzichimodzi. Pansi pamakhala masamba, ndipo sikuti nthawi zonse akhale osaphika. Bonongwe kapena kholowa wofutsa kwa mphindi 2 kapena 3, n'kumuziziritsa, amakhala maziko abwino kuposa letesi wodula wa m'masitolo akuluakulu amene amafota tsiku lotsatira. Pamwamba pake ikanipo chokhutitsa thupi ndi kulimanga: lero nyemba zophika zosapota, mawa dzira lowiritsa, mkuja usipa wowamba kapena nyama ya nkhuku yochotsa khungu, tsiku lina nzama, khobwe kapena nandolo. Gawo limeneli ndilo anthu ambiri amalisiya, n'chifukwa chake amamva njala pakangotha maola awiri n'kuyamba kufunafuna mandasi. Kenako onjezani chotafuna, monga mtedza wokazinga wodzaza kadzanja kamodzi, nthanga za maungu kapena chimanga chachiwisi chootcha chotongola. Chipatso chimasinthiratu kakomedwe konse: mango osapsetsa odula ting'onoting'ono pamodzi ndi anyezi ndi tsabola wa kambuzi pang'ono amapangitsa kabichi wa dzulo uja kukhala chakudya china.

Chothira pamwamba ndicho chimafuna maso. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) pafupifupi 120, ndipo mayonesi satalikirana nawo kwenikweni, kotero kuti saladi ya kabichi yosambira m'mayonesi, ngati ija ya paukwati, siithandiza wofuna kuchepetsa thupi. Komabe musachotseretu mafuta, chifukwa mavitamini ena, monga vitamini A wa m'karoti ndi m'masamba obiriwira, thupi limawayamwa bwino pakakhala mafuta pang'ono. Supuni yaing'ono ya mafuta yosakaniza ndi madzi a ndimu ndi adyo ndi yokwanira. Tsiku lina sakanizani chambiko ndi adyo wosinja, tsiku lina kanyani theka la peyala ndi ndimu, ndipo tsiku lina sungunulani nsinjiro zokazinga m'madzi ofunda ndi jinja pang'ono. Ndimu ali ndi phindu linanso, lakuti vitamini C wake amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Mchere wokha muuchepetse. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi.

Sindikhulupirira kuti kuchepetsa thupi kumafuna kudana ndi nsima. Alangizi a zaumoyo m'dziko muno amaphunzitsa magulu 6 a zakudya, omwe ndi zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ndipo palibe gulu limene amati litayidwe. Chofunika ndi kusintha kagawidwe ka mbale: theka likhale zamasamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, nsomba kapena nyama, ndipo gawo lotsalalo likhale chokhutitsa. Pamenepa mtanda umodzi wa nsima ya mgaiwa umakwanira, ndipo mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera chifukwa gaga wake sanachotsedwe. Chokhutitsacho nachonso chizisinthidwa. Mbatata yofiira mkati yowiritsa, maungu, nthochi zosapsa zophika, mbatatesi ya ku Dedza yophikidwa ndi makoko ake, zonsezi zingalowe m'malo mwa nsima masiku ena, makamaka madzulo. WHO imalimbikitsanso kudya zipatso ndi zamasamba zosachepera magalamu 400 patsiku, ndipo mbatata ndi chinangwa siziwerengedwa pa mlingo umenewu.

Kaphikidwe nakonso kamasintha ndiwo imodzi kukhala zingapo. Mpiru womwewo mungauphike wotendera Lolemba, wofutsa ndi matimati Lachitatu, ndipo Lachisanu n'kuusakaniza ndi nyemba. Kumbukirani kuti nsinjiro zili ndi mafuta ambiri, choncho ndiwo zotendera sizifunanso mafuta ophikira. Soda amafewetsa masamba msanga koma amawononga mavitamini ena, ndipo ndi bwino kumusiyira therere lokha. Chigwada chokha musachiyese kuchidya chosaphika kapena chongofutsa pang'ono, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka posinja ndi pophika mokwanira.

Pa zosaphika pafunika ukhondo weniweni. Tonse tikukumbukira mmene kolera inavutira mu mzinda uno m'chaka cha 2022 ndi 2023. Tsukani masamba ndi zipatso ndi madzi owiritsa kapena othira kolorini, sendani zimene zingasendeke, ndipo mpeni ndi thabwa lodulirapo nyama yaiwisi zisakhudze saladi musanazitsuke ndi sopo.

Kwa amene mumalawirira kuntchito ku City Centre kapena ku Kanengo, Lamulungu madzulo ndi nthawi yokonzeratu. Phikani nyemba za mitundu iwiri, wiritsani mazira, kazingani mtedza, dulani kabichi ndi karoti, ndipo chilichonse chisungidwe m'kontena yakeyake. Musasakanize zonse tsiku limodzi, chifukwa mukatero mudzadya chinthu chomwecho sabata yonse, komanso masamba othiridwa ndimu amalefuka. Zophika zisapitirire masiku 3 kapena 4 m'firiji, ndipo magetsi akazima kwa nthawi yaitali, kapena ngati mulibe firiji, konzani za tsiku limodzi lokha. Amene ali ndi matenda a shuga, a impso kapena kuthamanga kwa magazi, komanso amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ayambe aonana ndi achipatala asanachepetse chakudya chawo.