Kuthana ndi tizilombo pa mtengo wa bonsai wa m'nyumba

Luso la bonsai, lolera mtengo m'mbale yosaya n'kumaudulira nthambi ndi mizu kuti usakule, linakhwimira ku Japan litachokera ku China. Mitengo yomwe imapirira m'nyumba ndi ya kumadera otentha, monga Ficus, yemwe ndi mbale wa mkuyu ndi kachere, Carmona, komanso Portulacaria afra wa ku South Africa. Vuto la m'nyumba ndi lakuti mulibe mvula yotsuka masamba, ndiponso mulibe tizilombo todya tinzake. Alimi a chinangwa amakumbukira momwe kodikodi anawonongera minda m'zaka za m'ma 1980, ndi kuti chomwe chinamufooketsa ndi kamavu kakang'ono kochokera ku South America. Pabalaza kamavu kotere palibe, choncho ntchito yake yatsalira mwini mtengo.

Musanapopere chilichonse, dziwani kaye kachilombo komwe kakuvutitsa. Tembenuzani masamba ndi kuyang'ana kunsi kwake, m'mphanda za nthambi ndi pa nsonga zanthete. Nsabwe za zomera zimaunjikana pa nsonga, ndipo masamba atsopano amapotana. Kodikodi amaoneka ngati tizidutswa ta thonje tobisala m'mphanda. Palinso tina tokhala ndi kachigoba kofiirira, tomwe timamatirira pa khungwa osasuntha, moti ambiri amatiyesa mbali ya mtengowo mpaka atatipala ndi chikhadabo. Tonseti timayamwa madzi a mtengo n'kumatulutsa timadzi totsekemera, tomwe timanata pa masamba ndi pa tebulo, timaitana nyerere, ndipo pambuyo pake pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa thunthu, zitsatireni, zikulozerani pomwe pali vuto.

Woopsa kwambiri ndi kangaude wofiira, yemwe alimi a tomato amamudziwa bwino. Ndi wochepa kwambiri moti maso amamuphonya, ndipo pomwe ulusi wake ukuoneka pakati pa masamba amakhala ataswana kale mochuluka. Chizindikiro choyamba ndi timadontho tachikasu pamwamba pa tsamba. Ikani pepala loyera kunsi kwa nthambi, igwedezeni, ndipo ngati fumbi lomwe lagwa likuyenda, ndiye kuti ndi iyeyo. Amakonda mpweya wotentha ndi wouma, monga wa mu Okutobala kuno kwathu, kapena wa m'nyumba za ku Britain m'nyengo yozizira pomwe mtengo waikidwa pafupi ndi chotenthetsera nyumba. Kukatentha chotere, dzira limasanduka kangaude woikira mazira ake m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Dziwaninso kuti ali ndi miyendo 8 ndipo sali m'gulu la nsabwe, n'chifukwa chake mankhwala monga imidacloprid samupha, ndipo nthawi zina amachulukirachulukira akagwiritsidwa ntchito.

Chithandizo chimayamba ndi madzi. Patulani mtengowo kwa zomera zina, kutani mbale ndi pepala la pulasitiki kuti dothi lisakokoloke, ndipo tsukani masamba pampopi, makamaka kunsi kwake. Kodikodi ndi ta chigoba tija muchotse ndi dzanja, pogwiritsa ntchito kathonje konyowetsa mu spiriti kapena mswachi wofewa. Mtengo wa bonsai ndi waung'ono, ndipo theka la ola ndi lokwanira kuyendera nthambi iliyonse. Kenaka sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wosanunkhiritsa mu lita imodzi ya madzi ndi kupopera mtengo wonse madzulo, dzuwa lisakuwomba masamba. Sopo wochapira zovala wa ufa musamuyese, amawotcha masamba. Mafuta a nimu amathandizanso, potsatira muyezo wolembedwa pa botolo. Yambani mwayesa pa nthambi imodzi ndi kudikira masiku awiri, chifukwa Carmona ndi Portulacaria sachedwa kuyoyola masamba akapoperedwa.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ndipo zimandimvetsa chisoni kuona mtengo womwe munthu waulera zaka 10 ukuuma chifukwa anapopera kamodzi n'kusiya. Sopo amapha kachilombo komwe wakakhudza kokha, koma mazira ambiri amapulumuka. Bwerezani pakatha masiku 5 mpaka 7, katatu kapena kanayi, ngakhale masamba akuoneka oyera, kuti ana oswedwa aphedwe asanayambe kuikira.

Tintchentche takuda touluka pamwamba pa dothi n'tosiyana. Tokha sitiwononga kwenikweni, koma mphutsi zake zimakhala m'dothi lonyowa ndipo zimatha kudya timizu tanthete, pomwe mtengo wa m'mbale yosaya uli ndi mizu yochepa kale. Kupezeka kwake kukusonyeza kuti mukuthirira mopyola muyezo kapena kuti dothi silikutulutsa madzi. Dikirani kuti dothi la pamwamba liume musanathirirenso, musasiye madzi ali chikhalire m'chotengera cha kunsi, ndipo imikani timapepala tachikasu tomata kuti tigwire touluka. Zikapitirira, dothilo lisinthidwe n'kuikamo lamiyalamiyala nthawi yodulira mizu ikakwana.

Mankhwala amphamvu a m'sitolo akhale omalizira. Mukawagwiritsa ntchito, tulutsani mtengowo panja, valani magolovesi, ndipo muubwezere m'nyumba utauma, kutali ndi ana ndi chakudya. Pa nthawi yonse ya chithandizo musathire feteleza, popeza mphukira zanthete ndizo nsabwe zimafuna, ndipo mtengo ukhale pa zenera lowala bwino. Mtengo uliwonse watsopano, kaya wogula kaya wopatsidwa, ukhale pawokha kwa milungu itatu, mukuuyang'ana kunsi kwa masamba, musanauike pamodzi ndi ina.