Kuteteza mphesa ku chuku ndi mpweya wa ozone

Anzanga ogulitsa mphesa ku Mbare Musika, msika wa ku Harare, chuku chotuwa chija cha Botrytis ndicho chimatidyera phindu. Ine ndimatere.

Katundu akangofika kuchokera ku South Africa, thotholani mphesa zonse zophwanyika ndi zofewa. Mpweya wa ozone supha chuku chimene chalowa kale mkati, umangochiletsa kufalikira ku zinzake. Ikani m'makatoni obooka, chifukwa m'pulasitiki yotseka mpweyawu sulowa.

Chipinda chosungiramo mphesa chizizire pafupifupi 0°C, makina opanga ozone muwatchere pa 0.3 ppm (magawo 0.3 a ozone pa magawo miliyoni imodzi a mpweya) usana ndi usiku. Gulani kachipangizo koyezera ozone, mphuno imanama. Musanalowe zimitsani makina, mutsegule chitseko mpweya uyambe watuluka, poti umapweteka mapapo.

Magetsi akathima, chitsekocho chisatsegulidwe wambawamba. Kwa ine kuzizira n'kofunika kuposa ozone.