Momwe mungajambulire filimu ya munthu wosanduka fisi ndi ndalama zochepa

Azungu ali ndi nthano ya munthu wosanduka mmbulu mwezi ukakhala wathunthu. Ife palibe chifukwa chobwerekera chilombo cha eni. Fisi tili naye, ndipo kuyambira ku Namwera mpaka ku Makanjira palibe amene sanamvepo za munthu woyenda ndi miyendo inayi usiku.

Yambani ndi nkhani ya mphindi khumi, anthu atatu, malo awiri basi. Pajatu mwezi ukawala asodzi a usipa sapita panyanja ndi nyali zawo. Ndiye tengani msodzi amene ayenera kugona pakhomo usiku umenewo, koma mkazi wake n'kumapeza matope ndi ubweya pamphasa kukacha.

Musanagwire kamera, kaonekereni kwa amfumu ndiponso kupolisi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe. Gulu la achinyamata lili pansi pa mlambe usiku ndi botolo la magazi, ndani angakhulupirire kuti ndi sewero? Komanso wosandukayo asakhale gogo, ndipo asafanane ndi munthu wa m'mudzimo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Tsopano chilombo. Apa ndi pamene ambiri amagwa nayo, chifukwa amafuna kuchionetsa chonse, anthu n'kufa ndi phwete m'malo mochita mantha. Onetsani dzanja lokha likukanda chitseko, chithunzithunzi pakhoma, mapazi pamchenga, galu akubwerera chafutambuyo. Ubweya pangani ndi khonje: lipeseni, liviikeni mu tiyi wakuda bii, liume. Matani ndi guluu wa nsidze zoikirira uja wa kusaluni. Supaguluu ayi, amasupula khungu. Pa kusanduka penipenipo, gwiritsani nzeru yomwe anapangira filimu ya The Wolf Man mu 1941. Foni ikhale pamalo amodzi osagwedezeka, wosewera agone phee, mujambule pang'ono, muwonjezere ubweya, mujambulenso. Mukatero kasanu, polumikiza mu CapCut, pulogalamu yolumikizira mavidiyo, zithunzizo zizilowana pang'onopang'ono.

Magazi ndi madzi a shuga owiritsa mpaka ate, kala yofiira ya makeke ndi kakhofi pang'ono kuti ade. Ku Mangochi kuno nyerere ndi ntchentche zimabwera msanga, choncho pakani mukatsala pang'ono kujambula.

Zithunzi za pafoni zimachita mchenga mumdima. Jambulani dzuwa litangolowa, mutsitse kuwala pafoniyo, kenako muwonjezere mtundu wa buluu polumikiza. Nthawi imeneyi ndi yaifupi kwambiri, ndiye yesezani masana. Pofunika mdima weniweni, tochi imodzi yowalira cham'mbali imakwana. Pawabanki ikhale yodzaza, magetsi athu mukuwadziwa.

Mantha ambiri amalowera kukhutu. Mawu jambulani ndi foni ina, yoyandikira pakamwa pa wolankhula, yovekedwa sokosi, makamaka mu Juni ndi Julaye mwera ukamawomba. Ombani m'manja kamodzi poyamba kuti mawu ndi chithunzi mudzazilumikize mosavuta. Kuthyoka kwa mafupa ndi phesi louma la chinangwa. Kulira kwa fisi, pezani mnyamata wodziwa kutsanzira, alirire m'ndowa yachitsulo, inu mudzachedwetse mawuwo pang'ono kuti amveke besi.

Mukafuna kuionetsa filimuyo m'nyumba za vidiyo kapena muholo, iyambe yadzera ku Censorship Board kuti aiike msinkhu wa oonera.