Kagalu koopa chingwe ndi njinga: mmene ndinakazoloweretsera

Kagalu kanga ka miyezi 4 kankati ndikangokamanga chingwe, kagona chafufumimba, mchira uli pakati pa miyendo, osasuntha. Wakabaza akadutsa akuliza belu, kankathawira kuseri kwa bafa n'kukodza. Kukakoka ndi kukakalipira kunangowonjezera mantha. Aneba anati ndikakwapule ndi kamtengo, koma ndinakana: galu wamantha akamenyedwa atha kudzaluma ana.

Chinathandiza ndi usipa wouma wopanda mchere, wogula pamsika, woduladula tizidutswa. Ndalama zina zinangopita pa lamba wa m'khosi ndi chingwe. Poyamba ndinkakaveka lambayo pa nthawi ya chakudya, womasuka moti zala ziwiri zizilowa. Kenako ndinamangirira chingwe n'kukasiya kazichikoka kokha pabwalo, ine ndikuyang'anira.

Nkhani inagona pa kutalikira. Ndinkaima nako patali ndi msewu, poti kakuiona njinga koma sikanayambe kunjenjemera. Njinga ikangotulukira, usipa kukamwa nthawi yomweyo. Ikapita, usipanso watha. Kakakana kudya, dziwani kuti mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo. Galu wokana usipa, kuno kunyanja, ndiye kuti mantha amugwiradi! Tinkasendera pang'onopang'ono, mphindi zochepa basi, ndiponso m'mamawa, chifukwa dzuwa la ku Mangochi likakwera mchenga umawotcha mapazi.

"Khala" ndinakaphunzitsa pokweza usipa pamwamba pa mphuno mpaka matako afike pansi. Panopa kamayenda kumanzere kwanga, chingwe chili lende, mpaka pa mlatho wa Shire. Musanatulutse kanu kumsewu, kabayitseni katemera wa chiwewe kwa alangizi a ziweto. Amabaya kuyambira miyezi 3.